Amayi Atatu a M'chikuta cha Abiti Saiti

Munthu atakuuzani kuti wakhala zaka 58 m'tsinde mwa phiri la Zomba osalikwerapo ngakhale kamodzi, mukhoza kuganiza kuti ndi wolumala kapena waulesi. Abiti Saiti miyendo yawo inali yabwinobwino, ndipo ulesi sankaudziwa. Dzina lawo lobadwa nalo ndi Zakia, koma Chinamwali yense amawadziwa kuti abiti Saiti, telala wa pakhonde la golosale yoyang'ana msewu wa ku Liwonde. Akadzutsa mutu pa makina awo osokera, phiri linkakhala pomwepo, nthawi zina litafunda nkhungu, nthawi zina lili mbee mpaka mapaini kuoneka umodziumodzi. Ankaliyang'ana ngati galu wolusa wa eni ake amene ali pa unyolo.

Anabadwa mu 1966, Chinamwali akadali nyumba zowerengeka pakati pa minda. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, tsiku lina anatenga nkhata kuti atsatire anzake kunkhuni. Mayi ake, a Farida, anamugwira pamkono mpaka zala zinadinda.

"Iwe suli ngati anzakowo," anatero a Farida. "Tsiku limene unabadwa, m'chikuta munali amayi atatu: azamba, mayi ako aakulu a Amisa, ndi Esitere mnzanga wa nyumba iyo. Atangodula mchombo, mawu anatuluka: mwana uyu akadzaponda pamwamba pa phiri sadzatsika wamoyo. Wamva?"

Zakia anamva, ndipo kumva kwake kunali kwa moyo wonse. Loweruka lililonse anzake ankapita kuphiri kukadali mdima m'mawa, n'kubwera masana atasenza mitolo, milomo itafiira ndi zipatso za kumeneko. Iye ankawachingamira pamlatho. Ali Sitandade 4, aphunzitsi anatenga kalasi yonse kukaona mathithi a pamwamba. A Farida anamutsekera m'nyumba mpaka lole itanyamuka. Bambo ake, a Saiti, munthu wofatsa wogulitsa nsomba zouma pamsika, anabwera madzulo ndi sikono ziwiri n'kumuikira pamwendo.

Sukulu anailekera Sitandade 6. Kusoka anakuphunzira m'tauni kwa telala wina wa pakhonde la sitolo ya amwenye, kuyambira kuika mabatani mpaka kudula suti. Mu 1985 anakwatiwa ndi a Hafiz, ndipo anthu ankaseka kuti Mulungu ali ndi nthabwala, chifukwa a Hafiz anali dalaivala wa lole yotuta matabwa kuphiri komweko. Kangapo konse ankawanyengerera akazi awo.

"Tiyeni mukaone kamodzi kokha. Woyendetsa ndine, wokubwezani ndine. Mukaona nyanja ya Chilwa yonse ngati madzi a m'beseni."

"Mukaionere ndi ine komweko," ankayankha motero abiti Saiti.

A Hafiz, amene anakwera ndi kutsika msewu wokhotakhota uja kosawerengeka atasenza matabwa, anamwalira mu 2004 ali gone pabedi, ndi matenda a shuga. Anasiya mwana mmodzi wamkazi, amene pano ali pabanja ku Mangochi. A Saiti anali atatsogola kale mu 1993, ndipo a Farida anatsatira mu 2001. Tsiku loti amwalira mawa lake, a Farida anakoka mwana wawo pafupi, mawu akutuluka ngati mphepo, n'kunena kuti, "Phiri lija usaiwale."

Choncho abiti Saiti anatsala ndi makina awo. Ankasoka mayunifolomu a sukulu, madiresi a Idi, makatani, ndipo kukagwa maliro a mayi wachisilamu, ndiwo ankaitanidwa kukayeza ndi kudula sanda. Pakhonde pawo panali benchi imodzi ya makasitomala. Patangopita chaka a Farida atamwalira, pabenchipo panayamba kumakhala mkulu wina wamtali, wowonda, wa korona m'khosi. Dzina lake linali a Stephano, koma poti ankatsika kuphiri ndi dengu la mabulosi ndi masitiroberi, ana anawatcha a Mabulosi. Anali atapuma ntchito yodzala mitengo ndipo ankakhalabe pamwamba pomwepo kwa mwana wawo. Mwezi uliwonse ankabwera ndi jekete imodzi yomweyo, itang'ambika pena.

"Madala, jekete imeneyi yatha," ankatero abiti Saiti. "Zigamba zachuluka kuposa nsalu yake. Bwanji osaitaya?"

"Imanditenthera bwino, mayi. Ingoikanipo kena."

Ankadikira maso ali pa manja a telala. Pochoka ankasiya kambale ka masitiroberi aakuluakulu, ati ndi otsala. Zinayenda choncho zaka makumi awiri. Mu Januwale 2022, sabata yotsegulira sukulu, pakhonde panadzaza makolo olimbirana mayunifolomu. A Stephano atafika, abiti Saiti sanadzutse n'komwe mutu.

"Lero ayi, madala. Benchiyi si ya odikira basi. Mudzabwere sabata yamawa."

Mkuluyo anaimirira, anapepesa, n'kumapita. Sanabwerenso. Patatha mwezi, amayi otsika ndi nkhuni ananena kuti a Mabulosi anamwalira ndi chibayo ndipo anakawaika kwawo ku Chingale, kuseri kwa phiri. Abiti Saiti anati pepani, n'kupitiriza kupalasa makina.

Mu 2024 kachipinda ka kuseri kwa nyumba yawo kanalowa mlendo, a Yvonne, mphunzitsi wa sekondale wa ku Dedza amene anabwera kudzawonjezera maphunziro ku yunivesite. Anali mayi wa ana awiri, wolankhula mosabisa, ndipo ankaphunzira mbiri ndi nthano za Agiriki akale. Tsiku lina m'mwezi wa Juni anafika pakhonde ndi mpukutu wa nsalu yoyera.

Abiti Saiti anadzidzimuka. "Innalillahi! Wamwalira ndani, aphunzitsi?"

"Palibe, amayi," anaseka a Yvonne. "Ndikufuna mikanjo itatu yaitali mpaka kumapazi. Tili ndi sewero la m'kalasi, tikalijambula pa kanema."

"Sewero lovala sanda?"

A Yvonne anakhala pabenchi n'kufotokoza. Agiriki akale, anatero, ankakhulupirira kuti moyo wa munthu aliyense ndi ulusi, ndipo ulusiwo uli m'manja mwa milungu itatu yaikazi ya bere limodzi. Woyamba, Koloto, amapota ulusi. Wachiwiri, Lakesisi, amayeza kutalika kwake. Wachitatu, Atoroposi, ali ndi sizasi. Akadula, basi, munthu wapita, ndipo palibe angalumikize. Ena ankati ngakhale Zeu, mfumu ya milungu yawo, ankawalemekeza atatuwa.

Abiti Saiti anayang'ana tepi inali m'khosi mwawo ndi sizasi inali m'manja, n'kuiika pansi msanga. "Astaghfirullah! Anthu anzeru zawo ankapembedza matelala?"

"Nanga si akazi a kumeneko ankakhalira kupota ndi kuluka? Munthu amafanizira ndi chimene akuchidziwa. Ndiye ankati mwana akabadwa, pasanathe sabata atatuwa amalowa m'nyumba, n'kuima pamutu pa khandalo, n'kunena zimene zidzamuonekere." A Yvonne anatambasula nsalu ija. "Tikajambulira pamwamba pa phiri, pafupi ndi damu, Loweruka la sabata yamawa. Mudzapite nafe, amayi, mwina pena padzafunika kubweza."

 A Yvonne atacheuka anapeza abiti Saiti ali kakasi.

"Mwati amalowa atatu? M'chikuta?"

"Eya. Kodi mwatani?"

Kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri, abiti Saiti anafotokoza nkhani yawo yonse kwa munthu wachilendo. Pomaliza anawonjezera mwamphamvu, ngati akudzitsutsa okha, kuti za Agirikizo ndi zopeka, wolemba masiku a munthu ndi Mulungu yekha.

"Ine sindikutsutsa," anatero a Yvonne mofatsa. "Koma ngati wolemba ndi Mulungu yekha, amayi atatu ajawo anawerenga pati? Ananena mawuwo ndani mwa atatuwo? Analota, kapena anaombeza?"

 Zaka zonsezi abiti Saiti anali asanafunsepo. Azamba anamwalira iwo akadali mwana. A Amisa anamwalira chaka cha njala, mu 2002. Wotsala anali mmodzi, a Esitere, amene anasamukira ku Mbedza kwa mdzukulu wawo ndipo maso anali atachita khungu.

M'mawa mwake sanatsegule makina. Anakwera kabaza mpaka ku Mbedza, atanyamula paketi ya shuga. Anapeza a Esitere akuwothera dzuwa pamkeka, atafunda juzi ziwiri. Atalonjerana ndi kufunsana za ana, abiti Saiti analunjika.

"Amayi, tsiku limene ndinabadwa inu munalipo. Mawu a phiri aja ananena ndani?"

 A Esitere anauza mdzukulu wawo kuti apite akaone mbuzi.

"Ndinkadziwa kuti udzabwera, Zakia, koma ndinkapempha kuti udzapeze nditafa. Ananena ndi a Amisa. Azamba anavomera. Ine ndinali wamng'ono pa onsewo, ndinangolumbira kuti ndidzasunga pakamwa."

"Anaona chiyani a Amisa?"

"Sanaone kanthu, mwanawe. Panalibe loto, panalibe ula. Tinapangana."

Abiti Saiti anamva ngati mkeka wasendera. "Munapangana chiyani?"

"Mayi ako ali mtsikana ankapita kunkhuni kuphiri. Kumeneko anadziwana ndi mnyamata wodzala mitengo, Mkatolika wa ku Chingale. Mimba itaoneka, mnyamatayo anatsika ndi amalume ake kudzafunsira. Kwanu anakana kwamtuwagalu. Iye sanafune kusiya tchalitchi, akwanu sanafune kumva za tchalitchi. Anamuthamangitsa ndi miyala, ine ndikuona. Ndiye anapeza a Saiti, amene anavomera kukwatira Farida akudziwa zonse. Utabadwa, a Amisa atakuyang'ana nkhope anati, mwana uyu watengera bambo ake chilichonse. Akadzakula n'kumapita kunkhuni, anthu a pamwambapo adzamuzindikira tsiku limodzi. Tiyeni timuopseze. Basi, ndi mmene mawu aja anabadwira."

"A Saiti si bambo anga?"

"Anakulera. Koma magazi ayi."

M'makutu mwa abiti Saiti munayamba kulira ngati muli njuchi. Anagwira chipupa. Anafunsa ndi mawu amene iwo eni sanawazindikire: "Munthuyo ali moyo?"

"Ukumudziwa. Stephano."

"Stephano wake uti?"

"Wa mabulosi uja."

Abiti Saiti anaimirira, n'kukhalanso pansi. "Ayi! Amayi, ayi. Madala a jekete aja?"

"Omwewo. Analonjeza Farida kuti sadzayandikira iwe Farida ali moyo, ndipo anasunga. Farida atapita, anabwera kwa ine kudzafunsa ngati angakuuze. Ndinamuletsa ndine. Ndinati mwana wakula ndi dzina la a Saiti, ndi mayi wolemekezeka kumzikiti, usamusokoneze. Anati chabwino, ndizingokamuona. Jekete ija ankaing'amba yekha ndi msomali akafika pamlatho. Ankandiuza akuseka."

Abiti Saiti sanalire. Anangoti maso tong'o, kuyang'ana nkhuku imene inkapalasa pabwalo. Chimene chinkabwerera m'mutu mwawo chinali chimodzi: benchiyi si ya odikira basi. A Esitere anatambasula dzanja kufufuza lawo, koma iwo analibweza.

"Zaka 58, amayi. Mwamuna wanga anafa ndisanakhalepo naye m'lole yake ngakhale tsiku limodzi. Mayi anga ali pa imfa, m'malo mondiuza zoona, anandimanganso. Ndipo inu munkabwera kwathu kudzadya futali."

"Tinkati tikukuteteza."

"Kwa ndani? Kwa nkhalamba yogulitsa zipatso?"

 Abiti Saiti anabwerera wapansi kuchokera ku Mbedza mpaka ku Chinamwali, akabaza akuwaimbira belu iwo osamva. Masiku atatu makina anakhala ovindikira. A Yvonne atamva zimene zinachitika anagwira pakamwa, n'kuyamba kupepesa kuti funso lawo ndi limene laputa zonsezi.

"Musapepese, aphunzitsi," anatero abiti Saiti. "Bweretsani nsalu ija. Ndipo m'minibasi mwanumo mundisungire malo."

Loweruka lija m'mawa anakhala pampando wa kuwindo, mikanjo itatu ili pamwendo. Kudziwa kuti mawu aja anali abodza sikunauze thupi lawo. Minibasi itangoyamba kukwera, thukuta linali kamukamu ngakhale kunkazizira. Pa kona iliyonse phompho linkaonekera kumanzere, ndipo iwo ankatchula dzina la Mulungu mokweza mpaka ophunzira anasiya phokoso lawo. A Yvonne anawagwira dzanja njira yonse. Atafika pamwamba, anthu onse anatsika, iwo anatsala. Anayang'ana pansi pa chitseko nthawi yaitali, kenaka anatsitsa phazi limodzi, n'kudikira. Palibe chinachitika. Mphepo yonunkhira utomoni inawaomba kumaso.

Anabweza mkanjo umodzi umene unkakwekwereza pansi, n'kuimirira pambali kuonera atsikana atatu atavala zoyera m'mbali mwa madzi, wina akupota, wina akuyeza ndi ndodo, wachitatu atakweza sizasi yobwereka kwa iwo omwe. Sanathe kuonera mpaka kumapeto. Anapita kwa amayi ogulitsa zipatso pamsewu n'kufunsa za mwana wa malemu a Stephano.

Mayi wina wa zaka za m'ma 40 anaimirira kuseri kwa mabeseni a masitiroberi. Anali wamtali, wa mpata kumano, mphumi yotakata. Abiti Saiti anabwerera m'mbuyo sitepe imodzi: nkhope imeneyo ankaiona m'galasi masiku onse. Amayi enawo anasiya kuitanira malonda.

"Ndine Juliana," anatero mayiyo. "Inu ndinu a Zakia. Mwabwera mochedwa."

"Mukundidziwa?"

"Kuno ndani sakudziwani? Bambo anatiuza tili ana, n'kutiletsa kuti tisadzayerekeze kukulankhulani. Ndadutsapo pakhonde panu kambirimbiri." A Juliana anapukuta manja pachitenje. Nkhope yawo sinali yansangala. "Zipatso zabwino zonse ankasankhira inu. Miyendo itatupa, tinkawaletsa kutsika, osamva. Ulendo womaliza uja anabwerera mvula ikuwakunthira njira yonse, anafika kuno ali chinyowere. Chibayo chinayambira pomwepo."

Abiti Saiti anakhala pansi pa udzu wonyowa, pamaso pa anthu onse, ndipo kulira kumene kunakana ku Mbedza kunatulukira pamenepo. A Juliana anawayang'ana kanthawi, kenaka anatenga thumba la saka n'kuwayalira.

"Khalani apa, achemwali, mungazizidwe. Sanakudandauleni. Anangoti mwana uja ntchito yamuchulukira."

Madzulo asanatsike, a Juliana anawatengera pamalo oonera tauni. Abiti Saiti anafunafuna nyumba yawo pakati pa malata ambirimbiri a ku Chinamwali, osaipeza. Moyo wawo wonse unali m'kadera koti akhoza kukaphimba ndi chikhatho.

Atatsika anadwala chifuwa sabata ziwiri chifukwa cha chisanu cha pamwamba. Mbiri inawanda kuti abiti Saiti akwera phiri ndipo zayambika. Amayi a kumzikiti ankabwera awiriawiri kudzawazonda, akulankhula monong'ona ngati pa maliro. Iwo sanafotokozere aliyense. Anamwa mankhwala, anachira, n'kubwerera pa makina. Mwana wawo wa ku Mangochi atamuuza pafoni za a Stephano, anayamba waseka poganiza kuti ndi nthabwala, kenaka anakhala chete mpaka foni inaduka.

Dzina sanasinthe. Amati a Saiti anadziwa zonse koma sanawasiyanitsepo ndi mwana wobala okha, ndiye dzinalo analigwirira ntchito. Za a Farida sakonda kuzikamba. Kwa a Esitere sanapitekonso, ngakhale kuti nkhalambayo yatumiza uthenga kawiri. Ndi a Juliana akuzolowerana pang'onopang'ono; pali masiku amene amacheza bwino, pali ena amene mawu amatha msanga. Agwirizana kuti mvula ikatha adzapita limodzi ku Chingale. Abiti Saiti anafunsa kuti munthu akafika pamanda a Akatolika amatani, poti iwo, monga mayi wachisilamu, chibadwire sanalowepo m'manda aliwonse. A Juliana anawauza kuti angotenga khasu, pamakhala udzu wambiri.